Chindimu cha a Labisoni

Chaka chatha chimwalirireni a Labisoni, koma kwathu ku Mavwere anthu akamatchula dzina lawo amatsitsabe mawu, ngati eni akewo aima kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinkawatcha bambo aakulu chifukwa anakwatira a Naphiri, akulu awo a mayi anga. A Labisoni sanali a kuno. Anachokera ku Phalombe ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya cha kumalire, ndipo atakwatira pamudzi pathu anakhala mkamwini mpaka imvi. A Naphiri anamwalira osawasiyira mwana. Mwamwambo akanasudzulidwa n'kubwerera kwawo, koma iwo anati ku Phalombeko kulibenso wowadziwa nkhope. Anakhala.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu apansipansi. Poyenda mapazi awo sankamveka. Chimene chinkatsogola chinali fungo, lonunkhira ngati la ndimu koma lozama kuposa pamenepo, lokhalitsa m'mphuno. Linali m'malaya awo, m'zikhatho zawo, ngakhale pampini wa khasu akakubwereka. Ukalimva uli chiweramire m'munda unkadziwa kuti ukatembenuka uwapeza aima pamzere, akudikira kuti uwaone.

Fungolo linkachokera ku chitsamba chimene chinali kuseri kwa nyumba yawo. Iwo ankachitcha chindimu, ndipo ankakwiya munthu akachitcha mtengo wa mandimu. Mayi anga amakumbukirabe tsiku limene anapita kukapempha a tiyi.

"Alamu, tigawireniko mandimu awiri, kwathu kwabwera alendo."

"Kuno kulibe mandimu."

"Nanga ali mbwee kuseriwa?"

A Labisoni anadzuka n'kuwakodola kuti awatsate. Anathothola tsamba, lalitali pafupifupi ngati chikhatho, lozungulira kunsonga, n'kuwaonetsa pakhosi pake. Anati tsamba la ndimu limakhala ndi kamfundo pamene lalumikizana ndi kaphesi kake, moti ukalipinda limathyokera pomwepo, pamene la chindimu mfundoyo lilibe, limangotsika lonse mpaka panthambi. Anawaonetsa mphukira zanthete zofiira moderako ngati nsonga za mbatata, maluwa oyera m'kati koma ofiirira kunja, ndi minga yolimba yobisala m'khwapa mwa tsamba lililonse. Anati ndimu amakwera kukhala mtengo, koma ichi chimakana kukwera, chimangoyanga nthambi cham'mbali ngati chikufuna kugwira munthu. Kenako anadula chipatso chimodzi, chachikulu ngati papaya wamng'ono, cha khoko lotupatupa, n'kuching'amba pakati. M'kati monse munali mnofu woyera wokhuthala, madzi ali pang'ono pakatikati penipeni.

"Finyani, muone ngati alendo anu amwe tiyi," anatero.

Mayi anabwerako chimanjamanja, atapsa mtima, ndipo anatha masiku osawapatsa moni. Koma mpaka lero akaona mtengo wachilendo wa mtundu wa malalanje amayamba apinda tsamba.

Mphamvu ya chindimu, malinga ndi eni akewo, inali m'khoko. Ankalisenda mopyapyala ndi kampeni kamene kanatha ndi kunola, n'kuliyanika pamthunzi pakhonde, chifukwa ankati dzuwa limaba fungo, ndipo fungo likachoka mankhwala achoka. Wa nseru ankamupatsa khoko laliwisi kuti azinunkhiza ndi kutafuna pang'onopang'ono. Wotupidwa m'mimba ankamuwiritsira louma. Wa chifuwa ankamusinjira n'kusakaniza ndi uchi, wa chimfine ankamuwiritsira masamba kuti afunde bulangeti pamwamba pa mphika n'kumapuma nthunzi yake. Panali zina zimene ankazikana poyera. Mwana akatentha thupi, kapena munthu akakhosomola magazi, ankanena kuti zimenezo si za masamba, atengeni apite kuchipatala. Sankaombeza ula, sankatemera mphini, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi atagwira korona.

Nanga anthu ankawaoperanji? Ankafika asanaitanidwe.

Munthu amatha kudwala m'nyumba, achibale asanauze ngakhale woyandikana naye, n'kungomva "odi" wapansipansi pakhomo, a Labisoni aima ndi chipatso m'manja. Ena mwa odwalawo ankachira. Ena ankamwalira, ndipo kwa oterowo a Labisoni ankabweretsa chipatso chathunthu chakupsa n'kuchiika kumutu kwa mphasa kuti m'chipinda muzinunkhira. Ankati munthu asamachoke pansi pano akumva fungo la matenda ake. Pamaliro ankapatsa adzukulu makoko kuti azipaka m'manja akatha kusambitsa thupi. Choncho pamudzi pathu fungo la chindimu linasanduka fungo la pasiwa. Amayi akawaona akubwera ndi kanthu kachikasu m'manja ankaleka kusinja n'kumayang'ana kuti akhotera khomo liti.

Iwo ankati palibe chodabwitsa. Ankati amangoona khomo limene silinaseseredwe, khitchini yosafuka utsi, mphasa yoyanikidwa nthawi yosayenera. Mwina zinali choncho. Koma ine zinandichitikira. Nditangokwatiwa ndinabwera kudzaona mayi, ndili ndi pakati pamene ngakhale ineyo ndinali ndisanatsimikize. Sindinasanze, sindinauze munthu. Masana ndikutsuka mbale ndinamva fungo lija kumbuyo kwanga.

"Esinati, tenga ichi. Uzinunkhiza m'mawa usanadzuke pamphasa."

"Bambo, ine sindikudwala."

"Sindinati ukudwala."

Anasiya khokolo pathandala n'kumapita. Nseru inandiyamba mawa lake, ndipo khokolo linandithandizadi. Koma ndinabwerera kwa amuna anga mwamantha, tsiku limene tinapangana lisanakwane.

Za kumene chitsambacho chinachokera sankanena chimodzi. Ena anawauza kuti anapatsidwa kanthambi ndi mmwenye wina ku Chipata. Ena anawauza kuti anakachipeza pabwinja la mzungu wa esiteti. Koma a Naphiri asanamwalire anaululira mayi anga zina. A Labisoni anali ndi mkazi woyamba pa utenanti paja, ndi mwana wamkazi amene anamwalira akuyamba kumene kuyenda. Matenanti analibe manda awoawo, ankaikidwa kumapeto kwa esiteti, pafupi ndi bwinja lija, ndipo chindimu chinayanga nthambi pamwamba pa kamtumbira ka mwanayo. Pochoka pa esitetipo a Labisoni anadula nthambi imodzi n'kuikulunga m'chiguduli chonyowa. Kwathu kutenga mtengo kumanda n'kudzaubzala pakhomo ndi chinthu chosayenera kumveka. Mayi anasunga nkhaniyi kwa nthawi, kenako anauza mlongo wawo, atsibweni athu a Gelesomu, amene anali mwini mbumba. Mayi amanena okha kuti akanadziwa akanangokhala chete.

A Gelesomu ndi a Labisoni sankamwerana madzi kuyambira kale. A Gelesomu anali munthu waphokoso, wamfupi, wamphamvu, ndipo chimwalirireni a Naphiri ankafuna kuti munda wa mlongo wawoyo ubwerere kwa ana a mbumba. Ankakangana za malire, za mbuzi, za chilichonse. Kapena ndinene kuti a Gelesomu ankakalipa, a Labisoni n'kumangoyang'ana pansi mpaka mnzawoyo mawu atamuthera.

Chimene chinasintha zonse chinachitika ine ndili mtsikana, m'chilimwe china chotentha kwambiri, mvula ili pafupi. Amayi opita kumjigo ndiwo anayamba kuchiona. Panthambi yoyang'ana kunjira panalendewera chipatso chosafanana ndi zinzake. Kumtunda chinali bwinobwino, koma kumunsi chinagawikana n'kutulutsa zala. Zinali zala ndithu, zopindikira m'kati ngati dzanja la munthu wogona, kupatula chimodzi chachitali chimene chinawongoka. Ndinachiona ndi maso anga. Mphepo ikawomba dzanjalo linkatembenuka pang'ono, ndipo chala chowongokacho chinkaloza cha kunyumba kwa a Gelesomu.

Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva. Ena ankati ndi dzanja la a Naphiri. Amene anali atamva za kamtumbira kaja ankati ndi la mwana uja, wakula m'mtengomo. A Gelesomu anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mango a pakhomo pawo, n'kutumiza mawu kuti a Labisoni abwere adzafotokoze.

Anabwera dzuwa lili paliwombo, dzanja lija atalidula, ataligwira pamkono pake ngati akutsogolera mwana. Anthu anapatuka. Mayi wina anaphimba kumaso kwa khanda lake ndi chitenje.

"Alamu, tiuzeni," anatero a Gelesomu, "chinthu ichi n'chiyani, ndipo chikulozeranji khomo langa?"

"Ndi chindimu, alamu. Nthawi zina duwa likalumidwa ndi tizilombo likadali laling'ono, chipatso chimabadwa chotere. Ndinachionapo kale ku esiteti."

"Kumanda kuja?"

A Labisoni anatembenuka n'kuyang'ana mayi anga. Mayi anawerama.

"Inde, kumanda kuja," anayankha. "Kuli mwana wanga. Sindinathe kunyamula mafupa ake, ndinanyamula nthambi."

A Gelesomu anati zimenezo n'zimene amafuna kumva, ndipo chinthu cha kumanda sichingakhale pakati pa ana a eni. Anati asankhe okha, chitsamba chichoke kapena achoke nacho.

Apa a Labisoni anachita chinthu chimene, ndikhulupirira, anachita pofuna kutichotsa mantha. Anagwira chala chowongoka chija n'kuchithyola. Chinalira kuti thyo, ngati chinangwa chachiwisi. Anatiwonetsa pothyokapo. Munalibe magazi, munalibe fupa, munalibe ngakhale njere, munali mnofu woyera wokhawokha. Anachiika m'kamwa n'kuyamba kutafuna, pang'onopang'ono, akutiyang'ana mmodzimmodzi. Kutafunako kunkamveka bwalo lonse.

"Mwaona? Ndi chipatso. Alipo wofuna kulawa?"

Anatambasula mkono. Palibe anasuntha. Fungo linadzaza pansi pa mango ponse, fungo lija la pasiwa, ndipo mayi wina wachikulire anayamba kulira osadziwa chimene akulirira.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, a Gelesomu anatenga chikwanje n'kupita okha kukagwetsa chitsambacho. A Labisoni anakhala pakhonde, manja ali pamaondo. Nthambi zinagwa imodzi ndi imodzi mpaka panatsala chitsa. Pokoka nthambi yomaliza, munga unawalowa a Gelesomu pamfundo ya chala cha mkombaphala cha kumanja, n'kuthyokera momwemo. Anatukwana, anayamwa magazi, n'kumapita.

Chalacho chinatupa. Anachimanga ndi kansanza koviika m'palafini n'kumauza anthu kuti palibe kanthu. Chinayamba kuda. Anasiya kupita kudimba, n'kumagona m'nyumba masana, mano akugwedezeka. Ine ndinali komweko ndi mayi tsiku limene tinamva "odi" uja pakhomo. Akazi awo a Gelesomu anaima pakhomopo n'kutambasula manja kuti asalowe. A Labisoni anaonetsa zikhatho zawo kuti sananyamule kanthu, n'kulankhula ali panja pomwepo, mokweza kuposa mmene ndinawamverapo.

"Alamu! Chimenecho si cha masamba, si cha palafini. Munga uli m'katimo. Pitani kuchipatala lero, musadikire mawa."

A Gelesomu anatembenukira kukhoma. "Muuzeni achoke. Wadya kale, akufunanso chiyani?"

Anapita nawo kuchipatala kutupa kutafika pamkono, atawakweza panjinga ali lendelende. Moyo wawo unapulumuka. Chala sichinapulumuke.

Tsiku limene anabwerako, dzanja lili m'bandeji, palibe ananena mokweza chimene aliyense ankaganiza. Chala chimene a Labisoni anathyola n'kudya pamaso pathu chinali chowongoka, cholozera. Chimene anadula madokotala chinali cholozera. Anyamata ena anayamba kunong'onezana zokatentha nyumba, koma a Gelesomu eni akewo ndiwo anawaletsa. Anati munthu ameneyo musiyeni, asamukhudze aliyense, munda alime mpaka tsiku lake. Sanatero chifukwa cha chifundo. Nkhope yawo inkaonetsa mantha.

Mvula yoyamba itagwa, chitsa chinaphuka. Nthambi zina zimene zinasiyidwa pansi zinagwira mizu, chifukwa chindimu sichivuta kumera, moti pamene panali chitsamba chimodzi panadzakhala chithukuluzi. Sichinaberekenso dzanja. Koma a Labisoni sanabwererenso mwakale. Mayi atapita kukapepesa za pakamwa pawo, anawapeza akusenda makoko.

"Ndinadya chipatso, alamu, sindinadye munthu," anatero osadzutsa mutu. "Ndinkafuna mundisunge chifukwa ndine wanu. Tsopano mukundisunga chifukwa mukundiopa. Kukanakhala bwino mukanandithamangitsa."

Kuyambira pamenepo palibe anadyanso chakudya cha m'nyumba mwawo. Pamaliro ndi paukwati ankawaikira mbale yawoyawo. Komabe mankhwala anthu sanasiye kuwafuna. Ankadzera njira ya kudimba kuti asaonedwe, n'kumalandira khoko ndi nsonga za zala. Iwo ankapereka osafunsa kanthu, ndipo sanasiye kufika pamakomo asanaitanidwe. Kuti anali munthu wouma mutu, anali. Mayi anawapemphapo kuti azidikira kuitanidwa, anthu asamachite mantha, iwo n'kuyankha kuti wodwala weniweni ndi amene alibe mphamvu zoitana.

Zodabwitsa n'zakuti atakalamba onse awiri, a Gelesomu ndiwo ankapezeka pakhonde pawo. Chifuwa chinkawavuta nyengo yozizira, ndipo tsiku lina anangopita masana, podzera njira yaikulu, n'kukakhala pansi. A Labisoni anawawiritsira masamba. Chichokereni apo ankakhala awiriwo nthawi yaitali, mmodzi uku wina uku, osalankhulana zambiri, wina akusenda, wina akukhosomola. Sindikudziwa ngati umenewo unali ubwenzi. Mwina a Gelesomu ankaona kuti chinthu choopsa ndi bwino kukhala nacho pafupi n'kumachiona.

Chaka chathachi, m'mwezi wa Juni, a Labisoni anadzuka m'mawa n'kusenza thumba la makoko ouma, onse amene anali nawo. Anayamba kumapeto kwa mudzi, n'kumalowa khomo lililonse, osadumpha ndi limodzi lomwe. Zimenezi zinali zisanachitikepo. Mudzi unagwidwa ndi mantha osaneneka. Anthu ankafunsana kuti kukubwera matenda anji oti agwire nyumba zonse. Ena anatseka zitseko n'kukhala chete m'katimo ngati kulibe anthu, ndipo a Labisoni ankangosiya kamtolo pakhomo n'kupitirira. Ena anakataya mitoloyo kudzala ndi ndodo. Mayi analandira wawo ndi manja awiri n'kufunsa kuti akudwala ndani.

"Sungani pouma," anangotero. "Chaka chamawa mudzazifuna."

Anamaliza mudzi wonse dzuwa likupendeka. Patapita masiku ochepa a Gelesomu anapita kukakhala nawo monga mwa masiku onse, n'kuwapeza atagona chagada pamphasa, atavala malaya a kutchalitchi, atazizira kale. Kumutu kwa mphasa kunali chindimu chathunthu chakupsa. Anadziikira okha.

Pamaliro adzukulu atatha ntchito yawo anaima n'kumayang'anana, manja ali m'mwamba, chifukwa panalibe wowapatsa makoko aawisi, ndipo panalibe wolimba mtima kupita kuseri kwa nyumba. A Gelesomu ndiwo anadzuka ndi ndodo yawo, nalowetsa dzanja lopanda chala lija pakati pa minga, n'kubwera ndi chipatso. Anasenda okha n'kugawira adzukuluwo.

Nditapita kumudzi mwezi wathawu ndinawafunsa atsibweniwo, tili awiri, ngati amakhulupiriradi kuti a Labisoni anawadya chala. Anayang'ana dzanja lawo.

"Mutu wangawu umati unali munga, ndipo ndinachedwa ndekha kupita kuchipatala," anatero. "Munthu uja anandiuza zoona pakhomo paja. Koma Esinati, chala chimene palibechi chimayabwa. Chikayamba kuyabwa ndimadziwa kuti kuseri kuja kwachita maluwa, ndipo ndikatuma munthu kukaona amapeza zilidi choncho. Ndiye ndikuyankhe bwanji?"

Munda anagawana ana a mbumba, koma nyumba palibe anaifuna. Ndinapitako ndekha masana. Njira ya kumjigo imene inkadutsa pamenepo inafa, amayi anatsegula ina yozungulira kutali, ndipo yakaleyo yamera chisoso chofika m'maondo. Denga lagwera m'kati mbali imodzi. Chitseko chikadalipo, mpando ukadali pakhonde, ndowa ikadali pamene anaisiya, pamudzi pamene chitseko cha nyumba yosiyidwa sichigona sabata chisanabedwe. Chiswe chakwera mizati, koma pakhonde palibe ndowe ya mbuzi ngakhale imodzi.

Zipatso zapsa n'kukhwinyatira panthambi pomwepo, chifukwa palibe wothyola ndipo pazokha sizigwa. Nthambi zayanga mpaka kukhoma. Imodzi yakwera n'kulowa pazenera la kuchipinda, ndipo nditasuzumira ndili chapatali ndinaona kuti yachita maluwa m'katimo, mumdima, pamwamba penipeni pa malo ogona. Njuchi zinkalowa ndi kutuluka pazenerapo. Ndinaima pabwalo, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene odi, koma ndinaleka. Ndinaopa kuti wina angayankhe.